Kuona Mizinda ya ku Ulaya ndi Thumba Lopepuka



Masiku ano si chachilendo kumva kuti mwana wa auje wapita ku Ulaya kukaphunzira, kukagwira ntchito yaunamwino, kapena kukakhala nawo pamsonkhano. Koma ambiri akabwerako, ukawafunsa zimene anakaona, amangotchula chisanu, sitima zoyenda pansi pa nthaka ndi kudula kwa chakudya. Masiku awo opuma anathera m'chipinda, poopa kuti khomo lililonse lifuna ndalama. Manthawo ndi omveka, pakuti kwacha yathu imasungunuka ikakumana ndi paundi. Komabe madzulo ano ndifuna ndikuuzeni kuti zambiri mwa zinthu zamtengo wapatali za m'mizinda imeneyo munthu amaziona osatulutsa ngakhale tambala imodzi.

Tiyambe ndi London, mzinda umene ambiri a ife timafikira. Kumeneko kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa British Museum. Chiyambi chake chinali katundu wa dokotala wina, Sir Hans Sloane, amene pomwalira mu 1753 anasiyira dziko lake zinthu pafupifupi 71,000. Nyumbayi inatsegulidwa mu 1759, ndipo lero ikusunga zinthu pafupifupi 8 miliyoni. Kulowa n'kwaulere. M'menemo muli mwala wa Rosetta, umene asilikali a ku France anaupeza ku Iguputo mu 1799. Uthenga umodzi unalembedwa pamwalapo m'zilembo za mitundu itatu, ndipo poyerekeza zilembozo akatswiri anatha kuwerenganso malemba akale a Aiguputo.

Munthu wa mu Afirika muno salowa m'nyumba imeneyi ndi mtima umodzi. Mulinso zosula zamkuwa za ku Benin, zimene asilikali a ku Mangalande analanda mu 1897 atagonjetsa mzinda umenewo, umene lero uli m'dziko la Nigeria. Eni ake akhala akupempha kuti zibwezedwe, ndipo ine ndikuona kuti pempho lawo n'loyenera. Pamene mlanduwo sunathe, pitani mukazione, kuti mudzionere nokha luso la asuzi a mu Afirika a zaka mazana angapo zapitazo.

Kuchokera pamenepo mungayende pansi kukafika pa bwalo la Trafalgar Square, pamene pali National Gallery, nyumba ya zithunzi zojambula pamanja. Inayamba mu 1824 ndi zithunzi 38 zokha. Tsopano zapitirira 2,300, ndipo nayonso salipiritsa. Pabwalo lomwelo, kuyambira mu 2022 mpaka mu 2024, panaima chifanizo cha mbusa John Chilembwe chimene anakonza m'Malawi mnzathu, Samson Kambalu. Chinatengedwa pa chithunzi cha mu 1914, Chilembwe atavala chipewa pafupi ndi mmishonale wachizungu John Chorley, nthawi imene munthu wakuda sankayenera kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Chifanizocho anachichotsa nthawi yake itakwana, koma pansanja yomweyo amasinthasintha ntchito za amisiri, ndipo wodutsa aliyense amaona.

Musaganize kuti ulere umenewu unangogwa kumwamba. M'zaka za m'ma 1980 nyumba zina zotere za mu London, monga Natural History Museum ndi Science Museum, zinayamba kulipiritsa, ndipo anthu olowamo anachepa. Boma linabwezeretsa ulere mu Disembala 2001, alendo n'kuchulukanso. Amene amalipira ndi okhoma msonkho a dzikolo pamodzi ndi anthu akufuna kwabwino. N'chifukwa chake pakhomo mudzapeza bokosi la zopereka. Mukakhala nayo ponyani; mukapanda, palibe adzakuyang'aneni ndi diso loipa. Zionetsero zapadera za miyezi yowerengeka zokha ndizo zimafuna tikiti.

Nanga manda a David Livingstone? Iye anamwalira mu 1873 m'mudzi wa Chitambo ku Zambia, ndipo Susi ndi Chuma anatsogolera anzawo kunyamula mtembo wake mpaka kunyanja yamchere. Anaikidwa mu 1874 m'tchalitchi cha Westminster Abbey. Wobwera kudzangoona nyumbayo amalipira mapaundi oposa 20, koma wobwera kumapemphero salipira. Pamapemphero a madzulo mudzamva kwaya yoimba mokoma zedi. Koma mukumbukire kuti mwabwera kudzapemphera: sadzakulolani kuyendayenda ndi kamera.

Tiwoloke tsopano tipite ku Roma, kumene matchalitchi ndiwo nkhokwe za luso. Tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera n'chaulere, ngakhale mzere wake umatalika. Fikani m'mamawa, mutavala zobisa mapewa ndi mawondo. Koma ine ndingakulangizeni za katchalitchi kena kotchedwa San Luigi dei Francesi. M'kona mwake muli zithunzi zitatu za moyo wa Mateyu zimene anajambula Caravaggio cha m'ma 1600. Chimodzi chikuonetsa Yesu akuloza wokhometsa msonkho uja ali patebulo ndi anzake, ndalama zili mbwee, kuwala kukulowa mbali imodzi ngati m'nyumba ya udzu yobooka denga. Munthu wodziwa Baibulo safuna womasulira pamenepo. Ludzu likakugwirani, m'misewu ya mzindawu muli mipopi ya madzi abwino akumwa, yotuluka usana ndi usiku, ingonyamulani botolo. Ndiponso Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse nyumba za boma zosungiramo zakale, kuphatikizapo Colosseum, zimatsegulidwa kwaulere, ngakhale tsikulo anthu amachita kupanikizana.

Komatu zinthu zimasintha. Kachisi wakale wa Pantheon, amene anthu analowamo mwaulere kwa zaka zosawerengeka, anayamba kulipiritsa mayuro 5 mu Julaye 2023. Ku Paris, tchalitchi cha Notre-Dame chitapsa mu Epulo 2019, nduna ina ya boma inaganiza zoti alendo azilipira chikadzatsegulidwanso. Akuluakulu a mpingo anakana, ndipo pamene chinatsegulidwa mu Disembala 2024 khomo linakhalabe laulere.

Choncho musananyamuke fufuzani ngati malo amene mukufunawo akadali aulere, ndi masiku amene amatsekedwa, pakuti ambiri a ku Paris ndi ku Roma satsegula Lolemba kapena Lachiwiri. Ena, monga denga lagalasi la nyumba ya malamulo ya ku Berlin, safuna ndalama koma amafuna kuti mulembetse dzina pasadakhale ndi kubwera ndi pasipoti. Valani nsapato zolimba, konzani kamba wanu kunyumba, ndipo musayese kumaliza nyumba yonse tsiku limodzi. Sankhani zipinda ziwiri kapena zitatu. Popeza simunalipire, mawa mungathe kubweranso.