Udzudzu ndi Alendo a Khirisimasi

Mwezi wa Disembala ukafika, mabasi oyenda pakati pa Blantyre ndi Zomba amatsitsa alendo ambiri pa Namadzi. Ena mwa iwo ndi ochokera ku Joni, obwera kudzadyera Khirisimasi kumudzi. Tsono nyengo imeneyi ndi ya dzinja. Mvula ikagwa, madzi amadikha m'maenje oumbamo njerwa ndi mopondamo ng'ombe, ndipo m'menemo ndimo udzudzu wa malungo umaswana. Waukazi ndiwo umaluma, makamaka usiku.

Omvera, mlendoyu ndiye ali pangozi kuposa eni mudzi. Ku Johannesburg kulibe malungo, kotero thupi la munthu amene wakhalako zaka zambiri limaiŵala kulimbana nawo. Nanga mdzukulu wobadwira komweko? Iyeyo sanawalaŵepo n'komwe.

Malungo saonekera tsiku lomwelo ai. Kaŵirikaŵiri amatenga masiku 10 kufikira 15, mwina mlendo atabwerera kale kumene madokotala sangawaganizire msanga. Choncho agogo amumangire neti mdzukuluyo usiku woyamba womwe, ngakhale adandaule za kutentha. Akayamba kutentha thupi, kuno kapena ku Joni, akamuyezetse magazi tsiku lomwelo, ndipo makolo anene kuti mwanayo anali ku Malaŵi.