Msika Watsopano Uli Pa Mafuwa Atatu

Zikomo kuti mwasiya matebulo anu pang'ono. Ndidziwa kuti kasitomala sayembekeza, so sinditenga nthawi yaitali.

Lelo tikambilane za kumanga. Shelta ya pa msika, zimbudzi, ngalande, mpope wa madzi. Nchito iliyonse yotele ikhala pa mafuwa atatu monga poto wa nsima. Fuwa loyamba ni kukula kwa nchito: timanga ciani, cacikulu bwanji, colimba bwanji. Laciwili ni nthawi: tiyamba liti, titsiliza liti. Lacitatu ni ndalama. Mukasuntha fuwa limodzi, poto apendekeka, ndipo ena awili afunika kusunthidwa naonso.

Izi mumazidziwa kale. Pitani kwa telala mu January, masukulu ali pafupi kutsegulidwa, mumuuze kuti mufuna mayunifomu asanu mawa m'mawa, osokedwa bwino, pa mtengo wochipa. Adzaseka. Ngati mufuna mawa, muonjeze ndalama kuti acezele usiku. Ngati ndalama ni yomweyo, muyembekeze sabata. Ngati mukana zonse ziwili, mudzatenga yunifomu yosoka mothamanga, yosomoka mwana akangowelama. Kontilakita naye ni cimodzimodzi, kusiyana kwake n'kwakuti colakwa cake cibisala mu simenti.

Manje munthu akabwela pa msika, ati tidzakumangilani msika waukulu, mwamsanga, ndi ndalama zocepa, musayambe kuomba m'manja. Mufunseni kuti pa zitatuzi, cimene cidzagonja n'citi? Cifukwa cimodzi cidzagonja ndithu. Akulu anati ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Kumbukilani City Market. Moto unaononga mu July 2017, anthu anataya katundu ndi malo ogulitsilapo usiku umodzi. Kwa munthu amene tebulo yake yapsa, nthawi ndiyo fuwa lalikulu. Tsiku lililonse losagulitsa ni tsiku lopanda ndiwo kunyumba, cilimba cikudikila, wa kaloba akugogoda. Ndalama imeneyo silembedwa mu pepala la kontilakita, koma ilipilidwa ndi inu. Ndiye pomanga msika, funso loyamba likhale lakuti: pamene mumanga, ise tigulitsila kuti, kwa miyezi ingati?

Koma kuthamanga nakonso kuli ndi malile. Kumbukilani kolela imene inayamba mu Lusaka mu October 2017. Pofika January 2018, misika inatsekedwa, asilikali anali m'tauni kuyeletsa, ogulitsa m'miseu anacotsedwa. Mu January 2024 National Heroes Stadium inasanduka cipatala ca odwala kolela, masukulu anacedwa kutsegula. Phunzilo lake n'lakuti pali zinthu zimene sizidulidwa, olo ndalama icepe bwanji: madzi, zimbudzi, ngalande, ndi potaila zinyalala. Ndalama ikacepa, ayambe kudula matailosi a mu ofesi, geti yokongola ndi penti. Vuto n'lakuti nthawi zambili zimene zidulidwa n'zija zosaoneka pa cithunzi, mapaipi apansi ndi thanki ya zimbudzi. Tsiku lodula liboni zonse ziwala. Mvula ya December ikabwela, tomato ali m'matope.

Nanga ndalama? Mu 2022 CDF inakwela kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse. Imveka yambili maningi, koma igawidwa: mabasale a ana a sukulu, ngongole ndi thandizo la magulu, ndiye nchito za m'mawodi onse. Imene ifika pa msika wanu ni kagawo cabe. Ndipo nchito ikacedwa, kagawo kameneko kacepelacepela. Kwacha ikagwa, malata, zitsulo ndi dizilo zikwela, ndalama imene inali yokwana denga lonse ikwana theka. Ndiye cifukwa cake muona makoma ali cilili, udzu wamela mkati, kontilakita anapita kale.

Cina cimene cipha nchito ni ife tekha. Tagwilizana shelta ya ogulitsa ndiwo zamasamba. Maziko akumbidwa, wina ati onjezani mashopu a salaula, wina ati ikani cipinda cozizila ca nsomba. Zonse n'zabwino, koma ciliconse coonjezela cibwela ndi mtengo wake ndi masabata ake. Walila mvula walila matope. Cabwino ni kumanga m'magawo: gawo loyamba lithe, lifoleledwe, madzi atuluke pa mpope, anthu alowe agulitse, ndiye laciwili liyambe. Shelta yaing'ono yotha iposa msika waukulu wopanda denga.

So komiti yanu ikapita ku miting'i ya Ward Development Committee kapena kwa khansala, inyamule mafunso awa. Cimangidwa n'ciani ceniceni, matebulo angati, zimbudzi zingati? Zilembedwe, pepala likhomedwe pa msika. Tsiku lotsiliza ni liti, ndipo denga lidzakhalapo mvula ya November isanayambe? Mtengo wonse ni zingati, ndipo pali ndalama yosungila zadzidzidzi? Ndalama ikacepa, cidzacotsedwa n'ciani, asankha ndani? Kontilakita akacedwa alipila cilango canji, ndipo pali ndalama imene agwililidwa mpaka tione kuti denga silidontha?

Koma musanafunse ena, gwilizanani nokha. Khalani pansi, a tomato, a kapenta, a salaula, a malasha, musankhe fuwa limodzi limene simulola kuti lisunthe. Mukapita muli ndi mau amodzi, osankha cogonja mudzakhala inu. Mukapita ogawanika, adzakusankhilani anthu amene sanakhalepo pa tebulo mvula ikugwa.

Levy mulipila tsiku ndi tsiku, ndiye kufunsa si mwano.