Lamulo Lokhala Pakhomo ndi Anthu a Kunyanja



Mu April 2020 Nduna ya Zaumoyo, a Jappie Mhango, idalengeza kuti tonse tikhale pakhomo masiku 21 popewa mliri wa Covid-19. Cholinga chidali chabwino. Koma kodi okonza lamulolo adamuganizira mayi wa ku Makawa woyanika usipa pathandala, kapena mnyamata wa kabaza pa Mangochi Boma? Anthu otere akapanda kutuluka m'mawa, madzulo moto suyaka pakhomo.

Pa 17 April, bungwe la HRDC litakadandaula, Woweruza Kenyatta Nyirenda wa Bwalo Lalikulu adaimitsa lamulolo. Pamenepo mpamene boma lidalonjeza K35,000 pamwezi, koma kwa mabanja a ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba. Kuno kunyanja alendo adali atasiya kubwera ku Cape Maclear ndi Monkey Bay, ndipo ambiri ogwira ntchito m'malo ogona alendo adabwerera kumudzi chimanjamanja.

Mu 2021 kafukufuku wa K6.2 biliyoni yolimbanira ndi mliriwo adaulula kuti ndalama zina zidathera m'maalawansi. Tikupempha aphungu ndi makhansala athu atifotokozere pamaso pa mafumu: zimene zidafika m'boma lino zidagwira ntchito yanji?