Ulendo wa Pagalimoto Wotsata Mapazi a Makolo m'Chigawo Chapakati



Mwambo ukatha, fumbi la gule likakhazikika, aliyense amakwera galimoto kubwerera kwawo, ndipo ambiri amadutsa pafupi penipeni ndi malo amene atchulidwa m'nyimbo ndi m'malankhulidwe osacheuka n'komwe. Alipo ana obadwira ku Kawale kapena ku Ndirande amene angathe kufotokoza bwino za mapiramidi a ku Egypt, koma sanamvepo kuti pamtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera ku Lilongwe pali mapanga amene mayiko onse anawavomereza kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Mawu a lero ndi a banja, kapena kagulu ka abwenzi, kamene kali ndi galimoto imodzi, masiku asanu kapena asanu ndi limodzi, ndi mtima wofuna kukadzionera zimene kanangomva. Ulendo wotere umafunika kuukonzekera, pakuti malo ambiri a makolo alibe zikwangwani, ndipo wongodzuka n'kuliza galimoto amabwerako ataona msewu wokha.

Nyengo ndiyo iyambe kuganiziridwa. Misewu ya M1 ndi M5 ndi yatala, koma njira zopatukira kumapanga ndi kunkhalango ndi zafumbi, ndipo m'dzinja zimasanduka matope oterera. Mu Juni ndi Julayi ku Dedza kumazizira mpaka kulowa m'mafupa; mu Okutobala kunyanja kumakhala ng'anjo. Ogasiti ndi Seputembala ndiyo miyezi yabwino. Woyendetsa athire mafuta m'tauni iliyonse imene awapeza osadikira kuti thanki itsike, aone kuti tayala lapadera lili ndi mpweya, ndipo asunge ndalama zina m'thumba, chifukwa kumapiri foni siigwira paliponse.

Tsiku loyamba ndi la ku Dzalanyama, kumwera chakumadzulo kwa Lilongwe, kumene nthano ya chiyambi cha Achewa inaikidwa. Kumeneko, pa Kaphirintiwa, akuti Chauta anatsitsa mwamuna ndi mkazi atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, pamodzi ndi nyama zonse, thanthwe lidakali lofewa, ndipo mapazi awo anatsalira pomwepo. M'munsi mwa mapiriwa ndimo muli Msinja, kachisi wa Makewana, mayi wa ana onse, kumene mafumu ankatumiza nsembe popempha mvula. Awa si malo ongofikapo ngati pamsika. Mlendo ayambe wakaonekera kwa mfumu ya deralo, anene chimene wadzera, alandire womutsogolera, ndipo akauzidwa kuti apa salowa ndi nsapato kapena apa sajambula, amvere. Safunsa anadya phula. Koma mlendo yemweyo adzaonanso chinthu chowawa: njinga zotsika ndi matumba a makala, ndi zitsa pamene panali misuku ndi mitondo. Mtsinje wa Lilongwe, umene anthu a mumzinda amamwa, umayambira m'mapiri omwewo. Ana amene ali m'galimotomo aziona zimenezi ndi kuuzidwa kuti makalawo akupita kukhitchini za kwawo komwe.

Kuchoka apo ulendo ulowere kumwera pa M1. Amene ali ndi nthawi apatukire ku Nkhoma, mishoni imene inakhazikitsidwa mu 1896, kumene William Murray ndi anzake, pamodzi ndi aphunzitsi a kuno, anagwirira ntchito yomasulira Buku Lopatulika. Chichewa chambiri chimene chimalembedwa lero chinapsera pamoto umenewo.

Komatu mtima wa tsiku lachiwiri ndi Chongoni. Bungwe la UNESCO linaika dera limeneli m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo muli malo 127 okhala ndi zojambula pamatanthwe. Palibe amene angawamalize onse, ndipo kuyesa kutero n'kungotopetsa maondo. Atatu ndiwo amafikika bwino: Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze. Zojambulazo ndi zamitundu iwiri, ndipo woziona asiyanitse. Zofiira, za mizere ndi zozungulira, ndi za Akafula, alenje aja amene makolo a Achewa anawapeza ali kale m'dziko muno. Zoyera, zopakidwa ndi dothi loyera, ndi za Achewa eni ake, ndipo zina zinajambulidwa ngakhale m'zaka za m'ma 1900. Mwa zoyerazo, zina zooneka ngati nyama yotambasula miyendo zinajambulidwa ndi amayi pophunzitsa anamwali. Zina, makamaka ku Namzeze, ndi za zilombo za kudambwe, monga kasiyamaliro. M'mapiri omwewa ndimo anthu ankathawira nkhondo za Angoni, ndipo pamene gule ankaletsedwa, matanthwe ndiwo anasunga maonekedwe ake.

Pali zinthu ziwiri zimene mlendo wa ku Chongoni ayenera kudziletsa. Choyamba ndi dzanja. Thukuta la m'manja limafufutitsa utoto, madzi amene ena amawaza kuti chithunzi chioneke bwino pafoni amausungunula, ndipo mayina amene anyamata alemba ndi makala pamwamba pa zojambula zina awononga m'mphindi imodzi chimene chinapirira mvula ya mibadwo yambiri. Chachiwiri ndi pakamwa. Sizonse zojambulidwa pamenepo zimene zimamasuliridwa kwa aliyense. Mayi wachikulire akafika pa chithunzi china n'kungomwetulira, kunena kuti izi n'za kutsimba, mlendo asamukakamize. Amene anavinidwa adzamva yekha, ndipo wosavinidwa akhutire ndi zimene maso ake aona.

Usiku umenewo ndi wogona pa Dedza, pansi pa phiri lotalika pafupifupi mamita 2,200. M'mawa ulendo utsike ndi msewu wokhotakhota wa ku Golomoti, umene uli ndi malo okongola kuposa ena onse paulendowu, pamene chigwa chonse ndi nyanja zimaonekera pansi. Woyendetsa atsike ndi giya yaing'ono, asadalire mabuleki okha, ndipo zoona malo azisiyire okwera.

Pa Golomoti pamafunika kusankha. Msewu wa M10 umapita ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, kumene kuli Lake Malawi National Park, imene UNESCO inaivomereza mu 1984 chifukwa cha nsomba zake monga mbuna, ndiponso manda a amishoni a Livingstonia amene anafika mu 1875 n'kusamukira ku Bandawe mu 1881 atagonja ndi malungo. Malowo ndi osangalatsa, ndipo ana adzapempha kusambira, koma amadya tsiku lathunthu. Amene ali ndi masiku asanu okha awasiyire ulendo wina n'kukhotera kumpoto pa M5.

Patsogolo pang'ono pali Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Kumeneko bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao, pamodzi ndi zigoba za gule mazanamazana. Ena amakayika ngati n'koyenera kuti zinthu za kudambwe zikhale m'nyumba yoonetsera alendo, ndipo kukayika kwawo kuli ndi maziko. Komabe n'chinthu chodabwitsa kuti pamalo pamene mpingo ndi gule zinalimbanirana kwa zaka zambiri ndi pomwe lero pasungidwa zochuluka chotere za gule yemweyo, amene UNESCO inamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse. Pano pasathamangidwe. Maola atatu ndi ochepa.

Pafupi ndi Mtakataka pali Mankhamba, likulu la Kalonga m'masiku a ufumu wa Maravi. Apa m'pofunika kuchenjezeratu a paulendo, chifukwa amene akuyembekezera malinga a miyala onga a ku Great Zimbabwe adzakhumudwa. Adzapeza minda, mitengo ndi midzi, monga paliponse. Makolo ankamanga ndi mitengo, dothi ndi udzu, ndipo zimenezi chiswe ndi mvula zinatenga kalekale. Umboni uli pansi panthaka. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopa n'kupeza mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zidutswa za mbale za ku China, zinthu zamkuwa ndi minyanga ya njovu. Tsono mwana akaima m'munda wa chimanga umenewo auzidwe kuti pamene wapondapo pankafika malonda ochokera ku Asia zaka mazana angapo mzungu woyamba wa mishoni asanaone nyanja ino, ndi kuti kuchokera pano ndi pamene Undi ananyamuka kukakhazikitsa ufumu wake ku Mano, m'dziko limene lero ndi Mozambique. Popanda wofotokoza, Mankhamba ndi munda chabe. N'chifukwa chake m'galimotomo, mpando umodzi usungidwire agogo.

Kuchoka ku Salima, kumene a paulendo angapumule ku Senga Bay ndi kudya chambo, msewu umatsata nyanja makilomita opitirira 100, kudutsa pa Chia, mpaka ku Nkhotakota. Tauni imeneyi ili ndi mbiri imene siikoma kuinena pamwambo wachisangalalo, koma kuilumpha kungakhale kunamiza ana. Cha m'ma 1840 Salim bin Abdullah, Jumbe woyamba, anakhazikika pano, ndipo kuchokera padooko limeneli anthu zikwizikwi chaka ndi chaka ankawolotsedwa m'zombo kupita kutsidya, kenaka n'kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa. Mtengo umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863 amauonetsabe, kufupi ndi tchalitchi cha All Saints, mmene munaikidwa bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895. Pansi pa mtengowo kawirikawiri pamakambidwa za Jumbe ndi Livingstone okha, ngati kuti eni dziko anali oonerera. Sizinali choncho. Ogwidwawo anali anthu a m'midzi ya kumtunda kuno, okhala ndi mayina ndi mafuko, Aphiri, Abanda, Amwale, Ambewe. Ndipo mwa amene ankawagulitsa posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti munalinso mafumu ena a kuno komwe. Malonda amene analemeretsa Mankhamba ndi minyanga ndi omwewo amene pambuyo pake anayamba kufuna anthu. Amene waona malo awiriwa motsatana, dzulo ndi lero, amamvetsa zimenezi mosavuta kuposa wowerenga m'buku.

Njira yobwerera ndi ya M18, yokwera kumadzulo kudutsa m'nkhalango yosungiramo nyama ya Nkhotakota. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 linasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Msewu umenewu udutsidwe dzuwa likadali m'mwamba. Njovu ikaima pamsewu, galimoto ndiyo imadikira, popanda kuliza hutala, ndipo mawindo akhale otseka chifukwa cha ntchentche za kashembe zimene zimafalitsa matenda a kaodzera. Potuluka m'nkhalango msewu umadzera ku Mtunthama, kumene kuli Kamuzu Academy imene inatsegulidwa mu 1981, n'kufika pa Kasungu. Amene mphamvu zikadalipo akaone ng'anjo zakale zosungunulira chitsulo m'nkhalango ya Kasungu, mmene munkachokera makasu amene analima dziko lino.

Pa Kasungu njira zimagawikana. Ya M1 imabwerera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 130. Ina imatsikira ku Mchinji, kumene kale kunkatchedwa Fort Manning, n'kukafika pachipata cha Mwami, ku Chipata ndi ku Katete. Banja limene lawerengera bwino masiku ake, n'kunyamuka ku Lilongwe sabata imodzi Loweruka lomaliza la Ogasiti lisanafike, lingathe kutsiriza ulendo wake pa Mkaika tsiku la Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, ana atadziwa kale kumene Undi anachokera. Otenga njira imeneyi aonetsetse asananyamuke kuti ziphaso za onse a m'galimotomo, za ana zomwe, ndi mapepala a galimotoyo zili m'chikwama chimodzi.