Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Mwambo Wotsegulira Nyumba ya Mabuku ku Kasungu

Sinditalikitsa, ndikudziwa kuti ena mwasiya fodya m'zigafa akudikira manja anu.

Nyumba iyi mwamanga ndinu. Njerwa munaumba nokha, malata anachokera m'mabelo amene munakagulitsa ku Chinkhoma. Changa ndi katoni imodzi ya mabuku basi, ndipo a komiti atayitsegula ndinawaona akuyang'anana. Ena mwa mabukuwo ndi a mbiri ya kuno kwathu, palibe chodabwitsa. Koma enawo akukamba za Sri Lanka, chilumba cha kumwera kwa India chimene kale chinkatchedwa Ceylon, ndi za chipembedzo cha Chibuda, chimene m'midzi yathu ino mulibe ochitsatira. Ndiye ndawabweretseranji?

Ndiyambe ndi akwathu. Muli buku la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, la 1958, lonena za m'busa John Chilembwe, amene anayambitsa mishoni yake ku Mbombwe, Chiradzulu, mu 1900 n'kuukira atsamunda pa 23 Januwale 1915. M'mabuku ena a kwathuwo mupezamo Elliot Kamwana, amene anabatiza anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay mpaka boma linamuthamangitsa m'dziko mu 1909, ndi Yesaya Zerenji Mwasi, amene anachoka ku Livingstonia mu 1933 kukayambitsa mpingo wa anthu akuda. Koma inu ana a Kasungu, dzina loyamba kulifuna likhale la Hanock Msokera Phiri. Anaphunzira ku Livingstonia, anaphunzitsa ku Chilanga kuno, anapita kukagwira ntchito ku Joni, ndipo mu 1924 anabwerera ali m'busa wa mpingo wa AME n'kutsegula mishoni ndi masukulu ku Mdabwi. Mphwake amene anali naye ku Joni ndi Hastings Kamuzu Banda, ndipo ndi mpingo womwewo umene unathandiza mnyamatayo kupita kukaphunzira ku America mu 1925. Njira ya ufulu wa 1964 inadutsa m'tchalitchi ndi m'kalasi isanafike pabwalo la ndale.

Ku Ceylon nako zinayenda chomwecho, pansi pa Mngelezi yemweyo. Masukulu abwino anali a amishoni, ndipo Msinhala wofuna ntchito ya boma ankachita manyazi ndi chipembedzo cha makolo ake. Mu 1873, m'tauni ya Panadura, wansembe wa Chibuda Migettuwatte Gunananda anatsutsana pagulu ndi m'busa wa Methodist, David de Silva, ndipo khamu la Abuda linabwerera kunyumba likunyadira. Mu 1880 kunafika Mmerika Henry Steel Olcott, amene anawathandiza kutsegula masukulu awoawo ndipo anawalembera katekisimu. Kenaka kunadzuka mnyamata wobadwa mu 1864, wophunzira kwa amishoni, Don David Hewavitarne. Anataya dzina la David n'kudzitcha Anagarika Dharmapala. Anayambitsa bungwe la Maha Bodhi mu 1891, anakalankhula ku Chicago mu 1893, anatsegula nyuzipepala ya m'Chisinhala, analimbana ndi uchidakwa, mpaka analemba malamulo a kadyedwe ndi kavalidwe ka Mbuda wamba. Richard Gombrich ndi Gananath Obeyesekere, m'buku lawo Buddhism Transformed la 1988, akuonetsa kuti anthuwa anagonjetsa amishoni ndi zida za amishoni omwewo: makina osindikizira, sukulu, ulaliki wa pamsewu. A Phiri ku Mdabwi akanamva zimenezi, akanati awa ndi anzanga.

Mpaka apa nkhani ndi yokoma. Koma amayi amene mumasankha fodya mukudziwa kuti tsamba saliweruza mbali imodzi, amalitembenuza. Dharmapala yemweyo, podzutsa Asinhala, ankanena kuti chilumbacho ndi chawo, ndipo ankanyoza Asilamu ochita malonda ndi mitundu ina ngati alendo odzadyera eni dziko. Mu 1915, chaka cha Chilembwe, Asinhala anaukira Asilamu m'matauni ambiri. Ufulu utabwera mu 1948, wansembe Walpola Rahula anali atalemba kale kuti ndale ndi gawo la ntchito ya ansembe. Mu 1956 nduna yayikulu S.W.R.D. Bandaranaike anakhazikitsa lamulo loti Chisinhala chokha ndicho chilankhulo cha boma, ndipo Mtamil wophunzira anapezeka kuti ntchito ya boma yamutalikira m'dziko lobadwira. Bandaranaike anaphedwa mu 1959, womuwombera anali wansembe. Mu 1981 gulu la anthu linatentha nyumba ya mabuku ya ku Jaffna, ya Atamil, mabuku oposa 90,000 n'kusanduka phulusa. Mu Julaye 1983 kunabuka nkhondo imene inatha mu 2009. Buku la Stanley Tambiah, Buddhism Betrayed?, la 1992, ndi la H.L. Seneviratne, The Work of Kings, la 1999, akufunsa kuti chipembedzo choletsa kupha ngakhale kachilombo chinafika bwanji pamenepo. La Tambiah linautsa mkwiyo waukulu kwawo. Olemba awiriwa ndi ana a chilumba chomwecho.

Mafumu anga, mundikhululukire, ndinene za ife tsopano, ndili pakhomo pa Ngwazi. Kudzuka kwa Achewa kunali chinthu chabwino. Samuel Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anatipatsa Nthondo ndi Mbiri ya Achewa pa nthawi imene ena ankati tilibe mbiri. Kamuzu anathandizana ndi Cullen Young, mmishoni amene anagwirapo ntchito kuno ku Kasungu, kutulutsa Our African Way of Life mu 1946. Sukulu ya Kamuzu ya ku Mtunthama ilipo, tikuiona. Zonsezi sindikuzichepetsa. Koma mu 1968, Chinyanja chitasinthidwa dzina kukhala Chichewa n'kukhala chilankhulo cha fuko, Chitumbuka chinachotsedwa pawailesi ndi m'masukulu. Mboni za Yehova zinaletsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi za anthu anathawira ku Sinda Misale ku Zambia chifukwa chokana kugula khadi la chipani. Mu 1989 aphunzitsi a kumpoto anauzidwa kuti abwerere kwawo, ndipo sukulu za boma lino zinataya aphunzitsi awo. Sitinafike pa nkhondo ngati Sri Lanka, tithokoze Mulungu. Komabe Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku la 1989 lonena za mmene tsankho la mitundu linayambira kumwera kwa Africa, analemba mutu wathunthu wa Malawi, ndipo bukulo nalonso lili m'katonimu. Mukhoza kutsutsana nalo, inenso pena ndimatsutsana nalo, koma muliwerenge kaye.

Nkhani ya eni ake imavuta kuimva chifukwa muli dzina la agogo ako. Ya Dharmapala mwana wa ku Santhe kapena ku Chamama angaiwerenge mtima uli m'malo, n'kuona pamene kunyadira mtundu kunakhotera. Akamabwerera kwa Chilembwe ndi Kamuzu, adzakhala ndi mafunso abwino.

Kasungu ndi boma la mitundu yambiri. Kumpoto kwa boma lino kumalankhulidwa Chitumbuka, ndipo m'maesiteti muli matenanti Alhomwe ndi Ayao ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Machinga. Pempho langa kwa a komiti ndi loti mwana wa tenanti abwereke buku popanda kufunsidwa kalata ya mfumu ya kwawo, chifukwa alibe, ndipo nyengo ya fodya ikatha angasamuke; buku limodzi likapita naye, musadandaule, ndidzagula lina. Mufunenso mabuku a Chitumbuka, Chiyao ndi Chilhomwe. Aphunzitsi, mabuku ndabweretsawa ndi a Chingerezi chovuta. Musawatsekere m'kabati, Loweruka lina muzikhala ndi ana a Fomu 3 ndi 4, muwerenge mutu umodzi, muufotokoze m'Chichewa, makolo ofuna kumva abwerenso. Ndipo a Mdabwi akadalipo okalamba amene anamva za a Hanock Phiri kwa makolo awo. Ana apite ndi makope akalembe zimene anganene, makopewo asungidwe muno.

A mfumu, lumo lotsegulira nyumbayi lili kwa inu. Tiyeni tikatsegule chitseko.