Alamu yolira pachabe

 

Nditapuma pa ntchito ya uphunzitsi, ine ndi amayi a kunyumba tinagula nyumba pafupi ndi Katete Boma. Eni ake akale anasamukira ku Lusaka. Anatisiyira makiyi, koma sanatiuze za kabokosi ka manambala kamene kanali pakhoma pafupi ndi chitseko. Inali alamu yochenjeza za akuba.

Chinali chaka cha 2024, chaka cha chilala, pamene madzi anachepa ku Kariba ndipo malaiti ankazima maola ambiri. Usiku wina malaiti atangobwera, alamu ija inayamba kukuwa. Aneba anathamangira kwathu ndi ndodo ndi matochi, ena opanda nsapato. Wakuba panalibe. Inaliranso kawiri sabata lomwelo. Ulendo wachiwiri anabwera anthu awiri. Wachitatu sipanabwere munthu. Amayi anandifunsa kuti, "Abambo, nanga likadzakhala tsiku lenileni, adzabwera ndani?" Ndinasowa poyankha.

Ndinafuna kungodula mawaya ndi mpeni, koma mmisiri amene tinamuitana kuchokera ku Chipata anandiletsa. Anati alamu zambiri zinapangidwa kuti zizilira munthu akadula waya kapena akatsegula bokosi, chifukwa wakuba amayambira pomwepo. Atatsegula bokosi lalikulu, anapeza batire ya mavoti 12 itatupa. Batire yotere imakhala zaka 3 mpaka 5, ndipo malaiti akamazimazima imatha msanga. Timaso ta m'ngodya za zipinda, timene timaona kutentha kwa thupi likamayenda, tinali titakutidwa ndi ukonde wa akangaude. Kamaginito ka pa chitseko cha kukhitchini kanali katasunthika, choncho mphepo ikagwedeza chitseko alamu inkayesa kuti munthu walowa.

Anaika batire yatsopano, anapukuta timaso tija, anakonza chitseko. Kenaka anafufuta manambala achinsinsi akale n'kutiikira athu. Anandikumbutsa kuti sindikudziwa kuti manambala akalewo anali ndi anthu angati: antchito, alendi, ana a eni nyumba. Inu amene mwagula nyumba yokhala ndi alamu, chitani chimodzi mwa ziwiri: ikonzedwe bwino, kapena mmisiri aichotse yonse. Musaisiye ili pakati, osagwira ntchito koma osakhala chete.

Koma ntchito yaikulu inatsalira ine. Alamu sigwira wakuba, abale anga. Ilibe manja. Ntchito yake ndi kuitana anthu, ndipo anthu anga anali atatopa nayo. Ndinayenda khomo ndi khomo kupepesa chifukwa cha tulo tawo, ndi kuwauza kuti tsopano ikalira adziwe kuti zavuta. Agogo ena anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mnzako akapsa ndevu mzimire. Tidzabwera."

Madzulo ano mukatsegule buku la Nehemiya, chaputala 4. Pomanganso linga la Yerusalemu, anthu anali otalikirana pa ntchito ndipo adani anali pafupi. Nehemiya anaika woliza lipenga pambali pake, ndipo anagwirizana ndi anthu kuti akamva lipengalo asonkhane kumene likulira. Mphamvu sinali mu lipenga, inali mu pangano. Likanamalira pachabe tsiku ndi tsiku, omanga akanaleka kutula zida zawo n'kuthamanga.

Tsono tidzifunse. Pakamwa pathu pakalira, anthu amathamanga kapena amatembenuka n'kupitiriza tulo? Alipo makolo amene amakalipira ana pa kanthu kalikonse, mpaka tsiku la ngozi yeniyeni mwana samvanso. Alipo ena amene amafalitsa pa WhatsApp mphekesera iliyonse ya akuba ng'ombe asanafunse ngati ndi yoona. Mawa ng'ombe zikadzatulukadi m'khola, mudzi udzayesa ndi nkhani zomwe zija.

Tipemphere. Ambuye, amene simuodzera potisunga, yeretsani maso athu kuti tizindikire choopsa chenicheni. Sungani pakamwa pathu kuti tisachenjeze pachabe, ndipo mutipatse miyendo yofulumira mnzathu akaitana usiku. Amen.