Tiziwerenga masiku, osati miyezi



Ife a ku msika wa Marabastad tabwera ndi nkhani ya thumba la chikuta. Poyamba lamulo lathu linali lakuti mayi akachira, timupatse ndalama ya mwezi wathunthu, bola akhale pakhomo mwezi wonsewo. Mnzathu wina wogulitsa tomato anabwerera pa benchi patangotha milungu iwiri, poopa kuti malo ake alandidwa. Tinamumana ndalama yonse. Mwezi wotsatira mwana anagonekedwa kuchipatala, mayiyo alibe ndi ya taxi yomwe. Tinachita manyazi.

Nzeru tinakaitenga kwa anzathu ogwira ntchito m'nyumba za anthu, amene mabwana awo anawalembetsa ku UIF. Kumeneko wantchito amadulidwa 1% ya malipiro, bwana n'kuikapo 1% ina. Mayi akapita kutchuthi chobereka, UIF imamupatsa 66% ya malipiro ake, osapitirira masiku 121, ndipo imawerenga pa tsiku. Wolandira R5,000 pamwezi amachulukitsa ndi 12, n'kugawa ndi 365, kupeza R164 pa tsiku. Mukatengapo 66%, ndi pafupifupi R108. Masiku onse 121 amakwana R13,000 ndi kakuti. Amene muli pa ntchito, funsani bwana ngati anakulembetsani mimba isanakule.

Koma ife a pamsika tilibe bwana, UIF sitikhudza. Komanso sitingatseke benchi miyezi inayi, makasitomala athawa. Timapuma modumphadumpha: lero chikuta, mawa sikelo, mkuja mwana watentha thupi.

Choncho tinasintha lamulo. Mayi aliyense amene wasonkha chaka chathunthu amalandira khadi la masiku 60, tsiku lililonse R80. Masikuwo awadye mmene akufunira mpaka mwana atakwanitsa chaka. Akatseka benchi m'mawa wokha, timalemba theka. Amene ayandikana naye benchi ndiye mboni, msungichuma amalipira Loweruka.

Tione chitsanzo. Mayi wakhala m'chikuta masiku 21. Wapita kusikelo kasanu ndi kamodzi, m'mawa wokhawokha, amenewo ndi masiku 3. Wagona ndi mwana kuchipatala masiku 5. Onse pamodzi 29, ndalama yake R2,320, ndipo pakhadi patsala masiku 31. Palibe kukangana, kope likuyankha lokha.

Ena anadandaula kuti anthu azinama. Zoona, mmodzi analembetsa tsiku limene anapita kukaoda katundu ku Johannesburg. Mboni inakana kusaina, nkhani inathera pomwepo.

Pempho lathu kwa magulu a kumudzi ndi ili: mukabwerera, katseguleni makope anu muone ngati lamulo lanu silikulanga mayi chifukwa chobwerera msanga kukasaka chakudya cha ana. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.